Mbaula ya Amayi Ako Ikupita ku Kanada

Nkholongue, Lachinayi masana

Juditi mwana wanga,

Wapita ku Metangula kukatsanzika kwa azakhali ako osandiyang'ana n'komwe. Chitseko unachimenyetsa mpaka nkhuku zinabalalika pakhomo, mwana wako Davide n'kudzidzimuka kumbuyo kwako n'kuyamba kulira. Palibe kanthu. Mkwiyo umenewo unatengera ine, ndiye ndikadandaule kwa yani? Koma mawa m'mawa shapa, minibasi ija ya ku Lichinga, ikunyamula, kenako ndege, mpaka ku Kanada kwa amuna ako, ndipo ndimakudziwa: ukatseka pakamwa, ngakhale ansembe sangapatsegule. N'chifukwa chake ndakhala pakhonde pano dzuwa lili paliwombo, ndi kaneta yolembera ndi mapepala. Kalatayi ndikupatsira pokwera shapa. Uiwerenge galimoto ikayamba kukwera mapiri, pamene sungathenso kubwerera kudzandikalipira.

Tiyambire pomwe tasiyira. Unandipeza nditatsegula mala yako, chikwama cha paulendo chija, nditatulutsa mbaula ya malemu amayi ako imene unaikulunga m'nsalu ya kapulana n'kuibisa pansi pa zovala za mwana. Unati, "Bambo, mwayamba liti kupisa m'katundu wa mkazi wa mwini?" Pamenepo unanena zoona, ndipo manyazi anandigwira. Ndinati mbaulayi siipita. Ndiye unagwira m'chiuno n'kuti, "Ine ndinapulumuka namondwe wa ku Beira, malata akuuluka, madzi akufika m'chifuwa. Namondwe ndi namondwe, Bambo. Magetsi akakazima kumeneko ndikayatsa mbaula, mwana awothe, nkhani yatha."

Namondwe ndi namondwe! Mwana wobadwira m'nyumba ya msodzi kulankhula choncho? Mawu amenewo andilasa kuposa aja a mkazi wa mwini, ndipo kuyambira m'mawa sindinaike kanthu mkamwa.

Ndili mnyamata ndinapita ndi bwato kukavuula maukonde nyengo yozizira, mphepo itayamba kale kuwomba. Mumtima ndinati, aa, iyi ndi ngati ija ya nthawi ya mvula, imabwera ndi mkokomo, kukhuthula mvula, n'kupita. Ndinabisala kuseri kwa mwala kudikira kuti idutse. Idutse kupita kuti? Unali mwera, wopanda ndi dontho lomwe, kumwamba kuli mbee koma nyanja ikuchita kuimirira, ndipo mwera ukayamba sutopa msanga. Ndinakatsikira kutali ndi kwathu bwato litang'aluka, n'kubwerera wapansi, nkhafi paphewa. Agogo ako aamuna sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Mphepoyo unaifunsa dzina?" Juditi, mphepo imafunsidwa dzina, chifukwa chimene chimakupulumutsa kwa ina ndi chomwecho chimakupereka kwa inzake.

Lamulungu lija ukulankhula ndi amuna ako pa telefoni ndinakumva ukuwafunsa za namondwe wamkulu ndi chisanu choyera chogwa kumwamba, uku ukuseka, "Kodi furakau wa kumeneko amagwetsanso neve?" Netiweki inaduka asanayankhe, iwe n'kuiwala. Ine sindinaiwale. Ndinawaimbira ndekha bambo a Davide tsiku lotsatira, ndili kuseri kwa tchalitchi komwe telefoni imagwira bwino, ndipo ndinawafunsa ngati wapolisi. Munthu amagwira ntchito pa doko la nsomba, nkhani ya mphepo ndi imene amadzuka nayo. Zimene anandiuza ndaziphatikiza ndi zimene ndinaona ndi maso anga ku Alemanya, ku Jeremani kuja, ndipo ndikukupatsa zonse.

Furakau wa kumeneko ndi siklone wako wa ku Beira ndi ana a mimba imodzi, mayina okha ndiwo osiyana. Amabadwira pa nyanja ya mchere yotentha, ndipo chakudya chake ndi kutentha kwa madziwo. Iwe wekha unatiuza kuti asanafike kunali chifundizi choti munthu kusamba n'kutuluka thukuta uli m'bafa momwemo, ndipo mvula yake inali yofunda. Amazungulira, ndipo pakati pake pamakhala diso, malo abata amene amanamiza anthu kuti zatha. Akatsikira kumtunda, kapena akafika pa madzi ozizira, njala imamugwira, amayamba kufooka. Ndiye m'thupi mwake mulibe neve. Mumphika wowira simutuluka madzi oundana.

Koma usafulumire kuwomba m'manja. Bambo a Davide akuti kumapeto kwa nyengo yake, mwezi wakhumi ngati uno wa Otubulo umene iwe ukukafika, furakau wokalamba amatha kuyenda mpaka kumpoto n'kukumana ndi mphepo yozizira yochokera kumaiko a chisanu. Akakwatirana awiriwo, chobadwacho sichikhalanso furakau, ngakhale wailesi ipitirize kuchitchula dzina lakale. Mbali yake yozizira, makamaka kumapiri, imatha kugwetsa neve yolemera, yonyowa, imene imathyola mitengo isanayoyole masamba n'kudula nthambo za magetsi. Sizichitika kawirikawiri. Iwo sanazionepo, anangomva kwa achikulire a pa doko. Ndiye funso lako lija yankho lake ndi ili: yekha sagwetsa neve, koma akasakanikirana ndi kuzizira amatha, ndipo pamenepo wasanduka chilombo china chimene iwe sunakumanepo nacho.

Chilombo chimenecho ine ndimachidziwa. Umadziwa kuti ndisanakwatire amayi ako ndinali m'gulu la anyamata amene boma linatumiza ku Alemanya kukagwira ntchito m'mafabrika, mafakitale a kumeneko. Namondwe wa nyengo yozizira sasowa nyanja yotentha. Amabadwa pamene mphepo yozizira yagundana ndi yofunda, alibe diso, ndi wotambalala moti dziko lonse limakhala pansi pake, ndipo nthawi zambiri amayamba mwaulemu. Tsiku loyamba kuona neve tinatuluka m'fabrika tonse, amuna a ndevu zathu, tikudumpha ndi kutambasula malilime kuti tilawe. Tinkayesa ndi matalala. Si matalala, mwana wanga. Matalala amagwa nthawi yotentha, ndi mabingu, amalira padenga, amang'amba masamba a chimanga, kenako asungunuka. Neve imatsika ngati ufa pa sefa, yopanda phokoso. Umatha kukhala m'nyumba osamva kanthu, podzatsegula chitseko n'kupeza msewu kulibe. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma siklone amaiyimba ndithu. Uyu ndiye sayimba.

Ukukumbukira kachala kanga ka kumanzere kamene unkakaseka uli mwana, kuti sikapinda? Neve itasiya kugwa kunacha bwino, dzuwa lili ngwee. Ine mwana wa kunyanja, kuona dzuwa ndinati kwatentha. Ndinatuluka manja ali pamtunda, chipewa ndasiya pabedi, kupita kukagula buledi. Pobwerera zala zinali zitayera, osamvanso kanthu, ndalama ikugwa m'manja ine osadziwa. Kufika m'nyumba ndinachita chimene aliyense wa kuno akanachita, kuviika manja m'madzi otentha kwambiri. Mayo ine! Ndinalira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo kachalako sikanabwererenso. Dzuwa la kumeneko nyengo yozizira ndi nyali chabe, silitenthetsa. Ukaona kwacha bwino ndi pamene Davide umuveke kwambiri, makutu ndi zala zomwe.

Tsopano mvetsera, chifukwa apa ndi pofunika koposa. Ku Beira unapulumuka chifukwa unatuluka. Denga litayamba kusasuka unasiya zonse, n'kuthamangira ku eshikola, sukulu ija ya nsanjika, ndipo unachita bwino, ndimakunyadira mpaka lero. Ife tonse kuno tinaphunzira choncho: mphepo ikakula, khoma la dothi silidalirika, tuluka, thawira kumtunda. Miyendo yako inaloweza phunziro limenelo. Kumeneko, namondwe wa neve akafika pachimake, wotuluka ndi amene amafa. Ine ndinasocherapo pakati pa fabrika ndi nyumba yathu yogona, mtunda ngati kuchoka pano kufika kutchalitchi. Mphepo inkanyamula neve pansi n'kuiponya m'maso, kumwamba koyera, pansi poyera, dzanja langa lomwe osaliona. Kenako kunabwera tulo tokoma, mtima ukundiuza kuti khala pansi pang'ono upume. Mayi wina wachizungu amene ankatseka geti lake ndi amene anandikoka pa kolala ngati mwana wakuba mango. Ndikanakhala pansi paja, iwe sukanabadwa.

Ndiye unene kuti, chabwino Bambo, ndikhala m'nyumba, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna mbaula. Apo ndi pomwe pagona nkhani ya Mateyu.

Mateyu wa ku Lunho umamudziwa pa chithunzi chija chili m'chipinda changa, wamtali uja wandikoleka dzanja paphewa. Anthu kuno amati anafa ndi kuzizira ku Alemanya. Sanafe ndi kuzizira. Namondwe anawomba mpaka magetsi anazima, mapaipi otenthetsa nyumba n'kuzizira ngati miyala. Mateyu anali munthu wa manja, wosakhala pansi anzake akuvutika. Anatenga ndowa yachitsulo, n'kuiboola ndi msomali, n'kutsikira kuchipinda cha pansi kukatapa malasha. Posakhalitsa mbaula inali itayaka, yokongola ngati ya kwathu. M'mphepete mwa zenera anatsekamo masokosi ndi manyuzipepala, kunsi kwa chitseko n'kuikako thaulo, kuti kutentha kusathawe. Ankagona chipinda chimodzi ndi Saide, Myao wa ku Lichinga. Anabwera kudzagogoda kwa ine akuseka, nati, "Mbale, bwera udzawothe, kwathu kuli ngati ku Metangula." Ine ndinali ndi chimfine, nditadzikwirira m'mabulangete, ndipo ulesi unandigwira. Ndinati ndibwera, osapita.

M'mawa sanatsike kudzamwa tiyi. Tinagogoda, zii. Tinaitana, zii. Woyang'anira nyumba anathyola chitseko. Juditi, m'chipindamo munali mofunda bwino. Palibe chimene chinapsa, ngakhale ulusi wa bulangete. Utsi munalibe, fungo munalibe. Mateyu anali atagona chammbali, dzanja kunsi kwa tsaya, nkhope ili bwinobwino moti ndinamugwedeza ndikumutukwana kuti tichedwa kuntchito. Saide tinamupeza pafupi ndi chitseko, anayesa kukwawa. Iye anakhala moyo, koma mutu wake sunabwerere mwakale, ndipo anamubweza kumudzi asakutha kumanga nsapato zake.

Dokotala anatisonkhanitsa n'kutiuza kudzera mwa womasulira kuti makala akamayaka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umalowa m'magazi n'kumugoneka munthu. Ife tinatsutsa. Tinati tonse takulira pa mbaula m'nyumba, bwanji sitinafe? Anatifunsa kuti nyumba zathu n'zotani. Ndiye ndinaona m'maganizo nyumba ya amayi anga: denga la udzu, mpata pakati pa khoma ndi denga, chitseko choti mwanapiye amalowa chili chotseka. Nyumba zathu zimapuma, mwana wanga, ndipo ngakhale kuno mbaula m'chipinda chotseka yatengapo anthu. Za kumeneko anazimanga kuti mphepo isalowe ngakhale pang'ono, zili ngati chigubu chotseka. Mateyu sanali chitsiru. Anachita chimene amayi ake ankachita chaka chilichonse mwera ukayamba, ndipo anachichita pofuna kuthandiza mnzake.

Nditabwerera kuno ndinayenda mpaka ku Lunho kukaonana ndi amayi akewo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Motowo unamutentha pati mwana wanga?" Ndinati sunamutenthe paliponse, amayi. Anatembenukira kukhoma. Anamwalira akukhulupirira kuti ndinawabisira zoona.

Iwe ndiwe namwino. Mpweya umenewu umaudziwa dzina lake la m'Chipwitikizi, mwina unalembapo ndi mayeso. Sindikunena kuti ndiwe mbuli, usandimve molakwa. Ndikunena za tsiku limene magetsi adzazime, amuna ako atatsekeredwa ku doko, msewu utakwiririka, telefoni yatha moto, Davide akulira milomo ili gwagwagwa. Tsiku limenelo mutu sugwira ntchito, amagwira ndi manja, ndipo manja amathamangira chimene anazolowera. Manja ako anazolowera mbaula kuyambira usanayambe eshikola. Udzati, pang'ono pokha, angofundako. Ndipo mwana ndi amene amayamba, chifukwa kachifuwa kake n'kakang'ono. Adzasiya kulira, adzagona, iwe n'kunena kuti zikomo Ambuye, watonthola. Ndili ndi mantha, Juditi. Bambo ako amene sanaope mwera ali ndi mantha ndi kambaula kakang'ono.

Ukafika, mphepo uziifunsa dzina. Wailesi ya kumeneko imaneneratu, ndipo ngati Chingerezi chikuthamanga kwambiri, gogoda kwa aneba ufunse, ngakhale akhale aja osapereka moni. Safunsa anadya phula. Akati kukubwera furakau ndipo a m'mbali mwa nyanja achoke, choka, chita monga unachitira ku Beira, ndipo bata la pakati lija lisakunamize. Akati ndi namondwe wa neve, tunga madzi, sunga chakudya chosafuna kuphika, ulowe m'nyumba usatulukenso. Magetsi akazima sonkhanani m'chipinda chimodzi, mabulangete onse pamenepo, zovala zingapo pathupi. Mwana umuike pachifuwa pako mkati mwa zovala, khungu ndi khungu, monga mmene mumachitira ndi ana obadwa masiku asanakwane kuchipatala kwanu. Thupi lako ndi mbaula yokwanira. Bambo a Davide akuti boma limatsegula maholo otenthetsa anthu, ndiye ngati n'kupita, pitani kusanaipe, osati mphepo itayamba kale kuluma. Akutinso kudenga m'nyumba yanu kuli kachipangizo kamene kamakuwa mpweya uja ukachuluka. Ndikukudziwa iwe ndi phokoso, tambala wa aneba unafuna kumupha. Kachipangizo kameneko kakalira usakachotse batire, nyamula mwana utuluke naye pakhonde, zitseko zili pululu. Ndipo moto wa makala m'nyumba, ayi. Ndabwereza? Ndibwerezanso: moto wa makala m'nyumba, ayi.

Usaganize kuti sindikudziwa chifukwa chake unaikulunga mbaulayo. Sunaitengere moto wokha. Nkhondo itatha, tikubwerera kuchoka ku Likoma kumene ndinawapeza amayi ako, bwato linadzaza moti mwini wake anati tisiye katundu wina pagombe. Amayi ako anasiya mtondo, anasiya mpando, koma mbaula anaikhazika pamiyendo, nati, "Iyi ikatsala, inenso ndatsala." Iwe unabadwa mwera uli pakati, ndipo matewera ako anauma pa mbaula imeneyo. Chimanga chako choyamba unadyera pamenepo, chipsera cha pa bondo lako chinachokera pamenepo. Chigwiriro chake chinasalala ndi dzanja lawo. Inenso m'mawa kukazizira ndimaitulutsa pakhonde, ndimakhala nayo, ndipo nthawi zina ndimailankhula. Ukanandipempha ndikanakana, n'chifukwa chake unaibisa pansi pa zovala za mwana. Tonse awiri tikulimbirana munthu mmodzi amene kulibe.

Ndiye imva chimene ndachita, ndipo ugwire mtima, muli anthu m'shapamo.

Mbaula ndaibwezera m'mala mwako. Ndaikulunga m'kapulana yomwe ija, pansi pa zovala za Davide, monga unaikira. Ndi ya amayi ako, ndipo iwe ndiwe mwana wawo wamkazi, ipite nawe. Koma ukakaimasula ukapeza kuti kambale ka mabowo kaja, kokhalapo makala, kulibe. Utangotuluka ndinatenga hamala ndi msomali waukulu, n'kukagogoda mpaka kanachoka. Sindinakwezepo dzanja pa chinthu cha amayi ako chiyambire, ndipo pogogoda paja ndinkapepesa mokweza moti mayi a kuseri kuno anasuzumira kuti aone ndikulankhula ndi yani. Kambaleko ndakapachika pa msomali pamwamba pa bedi langa, pafupi ndi chithunzi cha Mateyu.

Ndikudziwa kuti kumeneko makala amagulitsa, ndi mbaula zawo zowotchera nyama panja zilipo. Dzanja langa silifika ku Kanada. Chimene ndatha n'chokhachi: tsiku lija likadzafika, magetsi atazima, mwana akulira, manja ako adzathamangira mbaula ya amayi ako, udzainyamula, ndipo udzaona pansi kudzera mkati mwake. Pamenepo uime. Uikhazike pansi, utenge mwana, umulowetse m'malaya mwako.

Masiku ena onse uziikamo anyezi, kapena uiike pamalo poti uziiona ukadzuka. Ukwiye nane mmene ungathere. Usandiimbire mwezi wonse ngati ukufuna, ndipirira, pakuti mwana wokwiya ndi mwana wamoyo. Ambuye akutsogolere panjira, iwe ndi kamdzukulu kanga.

Kambale kali kuno. Ukakafuna, ubwere udzakatenge wekha, Davide akuyenda ndi miyendo yake kutsogolo kwako. Tidzakabwezera, tiyatse pabwalo, tiwotche chimanga.

Ndine bambo ako,
amene anapisa m'katundu wa mkazi wa mwini kawiri tsiku limodzi.